ZA PANSI PA KHONDE

Mwezi uno ndifuna ndilankhule nanu za kanthu kamene ambiri akayesa kachabe, ndiko pansi pa khonde, pamene munthu aponda poyamba polowa m'nyumba. Mvula ikakhazikika kuno ku Euthini, kuyambira Disembala kufikira Marichi, palibe malo ena a nyumba amene asauka ngati pamenepa. Bambo achokera kumunda ndi matope m'mapazi, natsamiritsa khasu kukhoma. Mai atula ndowa, madzi ena natayika. Ana abwera kusukulu ali chinyowere. Nkhuni, njinga, thumba la fetereza, ngakhale nkhuku yothawa mvula, zonse zifikira pomwepo. Azungu a kumaiko ozizira amanga kachipinda kapadera kovulira nsapato ndi majasi onyowa. Kachipinda kathu ife ndi khonde.

Chandilembetsa ndi ichi. Chaka chatha ndinakachezera agogo ena pa mudzi wina wa parishi yathu ya Mzambazi. Mwana wao, amene agwira nchito ku Johannesburg monga achitira anyamata ambiri a boma lino la Mzimba, anawamangira nyumba yamalata, ndipo pakhonde anaika matailosi oyera, onyezimira ngati mbale. Anachita ichi mwa chikondi, sindimtsutsa ai. Koma tsiku lina la mvula agogowo anaterereka, nathyoka fupa la m'chiuno, ndipo kufikira lero sanapondenso m'tchalitchi. Abambo ansembe achita kuwatengera Ukaristia kunyumba.

Tisayambe ndi kunyoza za makolo. Amai athu adziwa kusankha dothi la pachulu, kulitsendera, kuzira, ndi kukulungiza ndi nkhulungo kufikira pansi pachita mbee. Ndipo m'midzi ya Angoni, kumene kuli makola, amazira ndi ndowe za ng'ombe. Pansi potero pakoma m'maso, sipaterera, ndiponso sipafuna ndalama. Koma madzi ndiwo mdani wake. Pakhonde pakanyowa pakumbika, ndipo nchito yozira ibwerera kwa mai yemweyo amene ali ndi munda wopalira. Chiswe chiboola. Choposa zonse, m'fumbi la pansi muswana matekenya, ndipo dothi lisunga mazira a njoka za m'mimba, zimene mwana wokwawa azitola ndi manja ake. Ku dziko la Mexico, m'chigawo cha Coahuila, boma linayamba m'chaka cha 2000 kuthira simenti m'nyumba za osauka. Ophunzira amene anafufuza nchitoyo analemba m'chaka cha 2009 kuti kumene dothi lonse linaphimbidwa, tizilombo ta m'mimba mwa ana aang'ono tinachepa ndi magawo 78 pa 100, ndipo kutsegula m'mimba kunachepa ndi magawo 49. Tsono simenti si kunyada kokha.

Komatu simenti payokha siiletsa madzi. Madzi afika pakhonde ndi njira zitatu: agwa kuchokera ku denga, ayenda pabwalo, ndipo ena akwera kuchokera m'nthaka mwakachetechete, makamaka m'nyumba za m'mbali mwa madambo a South Rukuru. Amene sanatseke njira zitatuzi, ngakhale agule chokwera mtengo chotani, angotaya ndalama za fodya wake.

Chifukwa chake yambani ndi denga: lipitirire m'mphepete mwa khonde, kuti madontho agwe kunja, ndipo pamene agwerapo kumbani kangalande ndi kuyalamo miyala. Khonde likwere pamwamba pa bwalo ndi mizere iwiri kapena itatu ya njerwa, koma likhale lotsika pang'ono kuposa pansi pa m'nyumba. Ichi omanga ambiri aiwala, ndipo madzi alowa pansi pa chitseko usiku, anthu ali m'tulo. Chotsani dothi lakuda lapamwamba, yalani miyala kapena zibenthu za njerwa, musinje zolimba, muthire mchenga pang'ono, ndipo pamwamba pake muyale pepala lakuda lapulasitiki lochindikala. Pepalali ndi lotsika mtengo kuposa zonse zimene mudzagula, koma ndilo liletsa chinyezi kukwera.

Konkire yake ikhale muyeso 1 wa simenti, 3 ya mchenga, ndi 6 ya miyala, yochindikala ngati masentimita 8. Yopaka pamwamba ikhale muyeso 1 wa simenti ndi 3 ya mchenga. Mchenga ukhale wa kumtsinje, wopanda matope. Mukaufumbata uli wonyowa usadetse dzanja. Khonde la mamita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi lifuna matumba ngati 4 a makilogalamu 50. Simenti siichokeranso kutali monga kale, pakuti ina ipangidwa ku Kasungu konkuno, pa fakitale ya Shayona; koma thumba limene lagona pachinyezi m'sitolo, ndipo muli zibuma zosaphwanyika ndi chala, lisiyeni. Ndipo muimirire pomwepo pamene mmisiri asalaza, kuti apendeketse pansi kulinga kubwalo, masentimita 2 pa mita iriyonse. Akatsiriza ndi kuuma, tayanipo kapu ya madzi muone kumene apita.

Tsono za pamwamba, ndipo apa ndipo tisemphana ndi amai ambiri a mumpingo. Iwo akonda pansi pofiira, posalala, popaka polishi, poti mlendo adzione nkhope. M'chipinda chochezera chitani chomwecho, nkwabwino ndithu. Koma pakhonde mmisiri asalaze ndi thabwa, osati ndi chitsulo, kapena apitirizepo tsache simenti isanaume, kuti pakhale pokhakhala. Amene afuna matailosi agule okhakhala opangira pansi, osati onyezimira a pakhoma. Awanyowetse m'sitolo momwemo ndi kuyesa ndi chikhato. Matailosi abwino samwa madzi ndipo atsukika msanga, koma akaikidwa pa konkire yofooka, kapena mmisiri akasiya mphako pansi pake, asweka tsiku limene mwana adzagwetsapo nkhwangwa. Kapeti wapulasitiki uja wogula pa mita ine sindimuvomereza pakhomo: mchenga wa m'mapazi umng'amba, ndipo madzi abisala pansi pake nanunkha.

Nanga wosowa ndalama za matumba anai atani? Ayale njerwa zopsa bwino, zolira ukazigogoda, pamwamba pa mchenga ndi pepala lija, natseke mipata ndi simenti; thumba limodzi likwanira. Njerwa imwa madzi pang'ono ndipo ndere zimera ngati pali mthunzi, koma ikhala zaka, ndipo ikasweka imodzi muchotsa yomweyo. Ndipo ngati ndalama zikwanira malo amodzi okha, ine nditi yambani ndi khonde ndi pamene ana akwawa, chipinda chogona akulu chidikire chaka chamawa.

Chotsiriza chimene ambiri alakwa ndi changu. Simenti siilimba ndi dzuwa, ilimba ndi madzi. Phimbani ndi masaka onyowa, muzithira m'mawa ndi madzulo masiku 7, ndipo mphamvu yake yeni-yeni ifika atapita masiku 28. Nchitoyi muigwire mu Juni kapena Julai, mutakolola, zitsime zisanaphwe, ndipo mutseke ndi minga kuti mbuzi zisapondepo.