Kupanga Masewera a pa Kompyuta

Ana inu, bawo mulidziwa. Lili ndi mizere 4, ndipo mzere uliwonse uli ndi maenje 8. Koma mlendo akapatsidwa thabwa ndi njere zake 64, osauzidwa malamulo, sakhoza kusewera. Chimene chipanga masewera ndicho malamulo.

Masewera a pa kompyuta ndi a m'foni ali chomwechonso. Sanamere okha ayi, anawapanga ndi anthu. M'chaka cha 1972 kampani ya Atari ku America inatulutsa masewera otchedwa Pong. Munali timitengo tiwiri ndi kampira kamodzi kokha, koma anthu ambiri anawakonda. Choncho woyamba kuphunzira asafune zazikulu msanga.

Kompyuta ili ngati wantchito womvera amene achita chokhacho chimene wauzidwa. Wopanga masewera ayenera kuiuza malamulo onse, limodzilimodzi, osasiyako.

Tiyeni tiyese ife. Pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, amayi agulitsa tomato. Tsono tipange masewera a tomato ndi dengu. Lamulo loyamba: tomato agwe kuchokera kumwamba. Lachiwiri: wosewera ayendetse dengu kumanja kapena kumanzere. Lachitatu: tomato akagwera m'dengu, wosewera apate 1. Lachinayi: tomato akagwa pansi katatu, masewera athe.

Nanga malamulowa tidzaiuza bwanji kompyuta? Ilipo pulogalamu yaulere ya ana yotchedwa Scratch, imene inatuluka mu 2007 ku sukulu yaikulu ya MIT ku America. M'menemo malamulo ali ngati tinjerwa tamitundumitundu, ndipo mwana atilumikiza monga mmisiri amanga khoma. Bwalo lake lili ndi masitepe 480 m'litali ndi 360 kuchokera kumwamba kufika pansi. Tomato akamatsika masitepe 5 nthawi iliyonse, adzasuntha ka 72 kuti afike pansi. Mukati atsike masitepe 10, adzasuntha ka 36, ndipo masewera adzalimba. Taonani, masamu anu a m'kalasi agwira ntchito pamenepa.

Poyesa koyamba china chidzalakwika ndithu. Kapena tomato adzapyola dengu ngati lobooka, chifukwa mwaiwala lamulo lachitatu. Musachite manyazi, ngakhale amisiri aakulu alakwa kotero. Funani cholakwacho, muchikonze, nimuyesenso. Pambuyo pake patsani mnzanu asewere, inu muli chete, kuti muone pamene avutika.

Kapena mudzati, "Pa sukulu pathu palibe kompyuta." Yambani ndi zimene muli nazo. Lembani bwalo pa dothi ndi malamulo pa pepala. Mwana mmodzi akhale kompyuta, nachite zokhazo zolembedwa, osawonjezapo. Pamene iye adzaima osadziwa chochita, pomwepo pasowa lamulo.

Ntchito iyi si ya anthu akutali okha. Mu 2013 Mayi Rachel Sibande anayambitsa mHub ku Lilongwe, ndipo kumeneko ana ambiri anaphunzira kulamula kompyuta. Masewera ambiri a m'foni achokera ku maiko ena, pamene ife tili nawo athu, monga phada ndi fulaye. Ngati ana a kuno saphunzira lusoli, adzawaika ndani m'kompyuta? Yambani lero ndi lamulo limodzi, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.