Wobaya Katemera Akamakayika, Wobayidwa Atani?

M'Malawi muno anthu ambiri osauka sakumana ndi dokotala kawirikawiri. Amene amaonana naye ndi mlangizi wa zaumoyo, yemwe amachititsa sikelo ya ana m'mudzi, kapena namwino wa pachipatala chaching'ono. Mayi amene alibe wailesi kapena foni ya intaneti amamva za katemera kuchokera pakamwa pa anthu amenewa. M'nkhani ino tiona chifukwa chake chikhulupiriro cha ogwira ntchito zachipatala pa katemera chili chofunika kwambiri kwa odwala osauka.

Choyamba, tisaiwale kuti anthuwa amakhala pakati pathu. Katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca atafika m'dziko muno mu Malichi 2021, ogwira ntchito zachipatala anali m'gulu loyamba kulandira. Komabe ena anazengereza, chifukwa mphekesera za pa WhatsApp, zoti katemerayu amaletsa kubereka kapena kuti ndi chizindikiro cha 666, zinkawafikira iwonso. Nkhawa ina inali yomveka ndithu. Katemera wina anafika kutangotsala masabata ochepa kuti nthawi yake ithe. Mu Meyi 2021 boma linatentha katemera 19,610 wotha nthawi pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, poyera, pofuna kuti anthu asaope kubayidwa katemera wakale. Izi zinapatsa namwino poyambira poyankha wodwala wofunsa.

Chachiwiri, kukayika kumamveka m'chiyankhulo. Taganizirani ziganizo ziwiri izi: "Katemerayu ndi wabwino" ndi "Akuti katemerayu ndi wabwino." Mawu akuti "akuti" amasonyeza kuti woyankhula wangomva, ndipo sakufuna kuti mlandu udzakhale pa iye. Mayi womvetsera amazindikira msanga kuti mlangiziyo wadzipatula. Munthu wa ndalama akamva zotere atha kukafunsa kuchipatala cholipira. Wosauka alibe kwina kokafunsa. Amabereka mwana wake n'kubwerera kunyumba.

Chachitatu, kukhulupirira katemera kumafuna kumudziwa bwino. Chitsanzo ndi katemera wa malungo wa RTS,S, amene Malawi linayamba kupereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya asanatsatire chaka chomwecho. Katemerayu amaperekedwa kanayi, ndipo pa kafukufuku wamkulu anachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 4 mwa 10 alionse. Choncho mwana wobayidwa atha kudwalabe. Mlangizi akangonena kuti "amateteza", mwanayo n'kudwala, mayi amati ananamizidwa, ndipo sabweranso kudzamaliza katemera wotsala. Mlangizi wodziwa amati "amachepetsa", n'kuonjezera kuti mwana azigonabe m'masikito. Chimodzimodzinso ndi kutentha thupi kapena kutupa pamalo pobayidwa. Mayi akachenjezedwa msanga, sadabwa. Akapanda kuuzidwa, nkhani imafala pachitsime kuti katemera wadwalitsa mwana.

Nanga tichitepo chiyani? Maphunziro ambiri a zaumoyo amachitika m'Chingerezi, pomwe ntchito yeniyeni imagwiridwa m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'ziyankhulo zina. Ntchito yomasulira imatsalira mlangizi yekha, ataimirira kutsogolo kwa amayi ambirimbiri. N'kofunika kuti pamaphunziropo aziyeserera kufotokoza katemera m'chiyankhulo cha anthu, komanso kuti azipatsidwa mpata wofunsa zimene zikuwakayikitsa popanda kuopa kudzudzulidwa ndi mabwana awo. Apa ife ophunzira ziyankhulo tili ndi gawo: kuthandiza kupeza mawu olondola amene sakokomeza komanso saopseza.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mlangizi wa zaumoyo ndi mnansi weniweni, chifukwa amatunga madzi pamjigo umodzi ndi anthu amene amawathandiza. Iye akayankhidwa mafunso ake mokwanira, adzasiya kunena kuti "akuti", ndipo mayi wosauka adzamva uphungu wochokera kwa munthu amene akuukhulupirira yekha.