KODI BOMA LINGAPATSE MUNTHU ALIYENSE NDARAMA MWEZI NDI MWEZI?

Tifuna kukufotokozerani nkhani imene akuluakulu a maiko ambiri akhala alikutsutsana kwa zaka zambiri. Anthu ena ophunzira amati Boma liyenera kupatsa munthu aliyense wa m'dziko ndarama pang'ono mwezi uli wonse, wolemera ndi wosauka yemwe, wa pa nchito ndi wongokhala, osamfunsa chimene adzagula nazo. Pa Chingerezi nzeru imeneyi amaitcha Universal Basic Income. Tinene msanga kuti kuno kwathu kulibe lamulo lotere.

Musaisokoneze ndi Mtukula Pakhomo. Mtukula Pakhomo unayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 unali utafika m'maboma onse 28. Koma uwu umasankha. Umafuna mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira nchito, monga agogo olera ana amasiye, ndipo pa mabanja 10 limalembedwa ngati limodzi lokha. Inu a kumudzi mudziwa bwino chimene chimatsata kusankhako. Mai uyu alembedwa, mnzake wa khomo loyandikana, amene nkhokwe yake iri yopanda kanthu chimodzimodzi, asiyidwa. Basi mijedo yayamba, amfumu ndi a komiti anenedwa kuti akondera abale ao. Ofuna nzeru yatsopanoyi amati mukapatsa onse palibenso wodandaula, ndipo ndarama zolipira alembi oyendayenda kukafufuza wosauka zipulumuka.

Otsutsa amayankha ndi mau awiri amene inunso mwaganiza kale: ulesi ndi mowa. Amati munthu akadziwa kuti mwezi ukatha alandira, adzapachika khasu ndi kukakhala ku kachasu. Tiyeni tione kumene anayesa.

Ku Namibia kuli mudzi wochedwa Otjivero, kum'mawa kwa mzinda wa Windhoek, wa anthu ngati 1,000. Kuyambira January 2008 kufikira December 2009 munthu aliyense wosafika zaka 60, ngakhale khanda, ankalandira madola a ku Namibia 100 pa mwezi. Nkhalamba anazisiya chifukwa zinali kulandira kale penshoni ya Boma. Ndaramazo sizinachokere ku Boma ai, anasonkha ndi mipingo, mabungwe a anchito ndi ena a chifundo. Oyang'anira ananena kuti poyamba ana 42 pa ana 100 anali onyentchera, koma chisanathe chaka anatsala 10. Makolo anayamba kulipira sukulu ndi chipatala. Ena anayamba kuphika buledi, kuumba njerwa ndi kusoka zobvala, pakuti tsopano anansi ao anali ndi kogulira. Za mowa eni mudzi anadziweruzira okha: anasankha komiti, ndipo komitiyo inapangana ndi ogulitsa mowa kuti asatsegule pa tsiku lolandira. Komabe ena anakaika malipoti amenewa, chifukwa olemba ake anali omwewo ofuna nzeruyi, ndipo panalibe mudzi wina wosalandira woti afanizire nao. Ndiponso achibale a kutali atamva, anasamukira ku Otjivero kudzadya nao. Boma la Namibia silinailandire nzeruyo.

Kuyesa kwa ku Kenya kunakonzedwa mosamala koposa. Cha kumapeto kwa 2017 bungwe la GiveDirectly linayamba nchito m'zigawo za Siaya ndi Bomet. Midzi anaigawa panai. Ina analonjeza akulu onse masenti 75 a ku America pa tsiku kwa zaka 12, ina kwa zaka 2 zokha, ina anapatsa kamodzi kokha madola ngati 500, ndipo ina sanaipatse kanthu kuti pakhale poyerekezera. Ndarama zinkafika pa foni. Zopeza zao zinaturuka mu 2023. Anthu sanaleke nchito, ndipo kumwa sikunachuluke. Chimene chinasintha ndi mtundu wa nchito: ambiri analeka ganyu wa m'minda ya anzao nayamba kadzigwirira tokha, monga kagolosale. Chotidabwitsa ife nchakuti olandira mulu umodzi anatsegula malonda ambiri kuposa olandira pang'onopang'ono kwa zaka 2. Ndipo a zaka 12 aja, poona kuti ndarama ya mwezi umodzi sigula malata kapena ng'ombe, anayamba chipereganyu kuti aliyense alandireko mulu pa nthawi yake. Amai a banki mkhonde amvetsa msanga pamenepa.

Nako ku Finland, mu 2017 ndi 2018, Boma linapatsa anthu 2,000 osowa nchito mayuro 560 pa mwezi. Opeza nchito sanachuluke kwenikweni, koma olandirawo anati mitima yao inakhala pansi. Ku Switzerland mu June 2016 anthu anaponya voti, ndipo ngati 77 pa 100 anakana.

Tsono ife tiona kuti mantha a ulesi alibe mphamvu yeniyeni. Munthu wa njala ndiye amalephera kulima, chifukwa nthawi yopalira m'munda mwake ali kwa wina kufuna mgaiwa wa tsiku limenelo. Bvuto lalikulu liri pena, ndipo ofuna nzeruyi sakonda kukhalapo nthawi: ndani adzalipira?

Tengani pensulo tiwerengere limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo lero tachuluka kuposa apo. Tinene kuti aliyense alandira K10,000 pa mwezi. Pa mwezi umodzi ndi K175 biliyoni, pa chaka K2,100 biliyoni. Chonsecho K10,000 imeneyo m'zaka za 2024 ndi 2025 sikadagula ngakhale thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50. Boma liribe munda wa ndarama. Limazipeza pa msonkho, pa ngongole, ndi kwa maiko otithandiza. Likakweza msonkho wa katundu wa m'sitolo, ndinu nomwe mudzabweza ndi dzanja lamanzere chimene munalandira ndi lamanja. Likapanda kukweza, lidzachotsa ku mankhwala a m'zipatala, ku malipiro a aphunzitsi kapena ku feteleza. Kumbukiraninso kuti mbali yaikulu ya ndarama za Mtukula Pakhomo, umene ufikira ochepa okha, yakhala ikuchokera kunja.

Akulu anati walira mvula walira matope. Ku Iran mu 2010 Boma linachotsa chithandizo pa mafuta ndi buledi niliyamba kupatsa pafupifupi munthu aliyense ndarama mwezi ndi mwezi. Poyamba zinali ndarama zooneka, koma mitengo inakwera chaka ndi chaka mpaka zinasanduka zogulira tinthu tochepa. Ife tidziwa ululu umenewu, pakuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100. Ganizaninso za February, pamene pa msika pali chimanga chochepa. Onse akafika ndi ndarama m'manja koma matumba ali omwewo, wogulitsa ndiye adzasekerera. Ku Mongolia anagawira anthu onse podalira phindu la migodi limene linali lisanafike, Boma linalowa m'ngongole, ndipo mu 2012 linaleka. Kumene zakhalitsa ndi ku Alaska, chigawo cha America, kumene kuyambira 1982 amagawa kamodzi pa chaka phindu lochokera ku mafuta a pansi, ndipo chaka choyamba aliyense analandira madola 1,000. Koma kumeneko anthu safika miliyoni imodzi, ndipo ndaramazo sizikwanira kudyera chaka chonse.

Chifukwa chake munthu akafika m'mudzi mwanu ndi kope, nanena kuti alikulemba maina a onse odzalandira ndarama za Boma ndipo mupereke kangachepe kolembetsera, musampatse. Kulembedwa mu Mtukula Pakhomo sikulipiritsa. Dziwitsani amfumu msanga, ndipo amene ali ndi funso apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya pa boma lanu.