Maola anayi pa thanthwe la m'chipululu cha Joshua Tree

Kum'mawa kwa mzinda wa Los Angeles, m'chigawo cha California ku America, kuli malo osungirako zachilengedwe otchedwa Joshua Tree National Park, pamene zipululu ziwiri za Mojave ndi Colorado zimakumanirana. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1936 pa ulamuliro wa Pulezidenti Franklin Roosevelt, ndipo anasanduka paki ya dziko mu 1994. Pakati pa mchenga ndi mitengo ya masamba osongoka pali milu ya matanthwe osanjikizana yomwe ili ndi njira zokwerapo zoposa 8,000.

Si onse ofika kumeneko amene ali akatswiri. Ambiri sanagwirepo chingwe chokwerera miyala chibadwire. Oterewa amalipira ulendo wa theka la tsiku, pafupifupi maola anayi, motsogozedwa ndi namulondola. Nanga munthu wongoyamba kumene angakwere bwanji khoma la mwala n'kutsika ali bwinobwino?

Chinsinsi chagona pa kamangidwe ka chingwe. Namulondola amayamba ndi iye kufika pamwamba, n'kukoleka chingwe pa zitsulo zogwira thanthwe mwamphamvu, kotero kuti mbali zonse ziwiri zimalendewera mpaka pansi. Mlendo amavala chisoti, nsapato za mphira ndi lamba wogwira m'chiuno ndi m'ntchafu. Mbali imodzi ya chingwe imamangidwa ku lambayo ndi mfundo yooneka ngati nambala 8, pomwe inayo imadutsa m'kachitsulo ka pa lamba wa namulondola. Mlendo akamakwera, namulondola amakoka chingwe kuti chisalendewere. Phazi likaterereka, kachitsuloko kamapana chingwe ndipo wokwerayo amangotsala ali lende, osagwa pansi.

Mwala weniweniwo umathandizanso. Matanthwe a ku Joshua Tree anapangika zaka mamiliyoni ambiri zapitazo pamene chiphalaphala chinazizira pansi pa nthaka. Madzi olowa m'ming'alu anasalaza ngodya zake, kenako nthaka itakokoloka miyalayo inaonekera poyera. Pamwamba pake ndi pokhakhala kwambiri, moti nsapato imagwira ngakhale pomwe diso silikuona poponda. N'chifukwa chake phunziro loyamba limakhala lakuti kukwera ndi ntchito ya miyendo, manja amangothandizira. Koma kukhakhala komweko kumasupula khungu la zala, ndipo wongoyamba kumene manja amamufooka msanga. Pakatha maola anayi, ambiri amakhala atakhutira.

Chifukwa china chofupikitsira ulendo ndi dzuwa. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kutentha kumapitirira madigiri 38, choncho nyengo yabwino yokwera imayamba mu Okutobala mpaka mu Epulo. M'malo otchuka monga Hidden Valley mulibe mpopi wa madzi, ndipo oyang'anira pakiyi amalangiza munthu aliyense kunyamula malita pafupifupi anayi pa tsiku. Mbali yaikulu ya pakiyi foni sigwira. Munthu akathyoka mwendo kapena kukomoka ndi kutentha, thandizo limatha kuchedwa, ndipo woyamba kumusamalira amakhala namulondola yemweyo.

Pa chifukwa chimenechi, si aliyense amene amaloledwa kutsogolera alendo molipiritsa. Bungwe la boma loyang'anira mapaki la National Park Service limafuna kuti makampani ochita ntchitoyi akhale ndi chilolezo. Anamulondola ambiri amaphunzira ndi kuyesedwa ndi bungwe la American Mountain Guides Association, komanso amakhala ndi maphunziro a chithandizo choyamba. Iwo ndiwo amasankha njira yolingana ndi mphamvu za mlendo, potsata muyeso wa kuvuta kwa njira umene umayambira pa 5.0 n'kufika pa 5.15. Mlendo wanzeru amayamba wafunsa za chilolezo ndi ziyeneretso zimenezi asanatulutse ndalama, chifukwa moyo wake wonse ukhala m'manja mwa wogwira chingweyo.

Udindo wa namulondola suthera pa anthu okha. Mu 2021 pakiyi inalandira alendo oposa 3 miliyoni, ndipo chipululu sichichira msanga chikapondedwa. Pamwamba pa nthaka pali kakhungu ka tizilombo ndi ndere komwe kamagwira mchenga kuti usauluke ndi mphepo. Kakaphwanyidwa ndi nsapato kamatenga zaka zambiri kuti kabwerere. Nayenso kamba wa m'chipululumu akanyamulidwa amachita mantha n'kutaya madzi omwe amasunga m'thupi, zomwe zingamuphe m'nyengo ya chilala. Motero namulondola amayendetsa gulu lake m'tinjira todziwika, amaletsa kumanga zingwe ku mitengo ya Joshua, ndipo amaonetsetsa kuti chinyalala chilichonse chabwerera m'chikwama cha mwini wake gulu lisanachoke pa thanthwe.