Madzi amadula ndi zimene asenza

Kodi madzi amene timamwa ndi kuphikira nsima angadule chitsulo? Ambirife tingakane, poti madzi timawadziwa kuti ndi ofewa. Komatu amadula, ndipo umboni wake suli patali.

Ku Mua m'boma la Dedza, kumene ansembe a White Fathers adatsekula mishoni m'chaka cha 1902, kumadutsa mtsinje wa Nadzipokwe wotsetsereka kuchokera kumapiri. Matanthwe a mumtsinjewu ndi osalala, ndipo ena adakumbika maenje onga mikhate. Palibe mmisiri amene adafikapo ndi tchizulo. Madzi adasenza mchenga ndi timiyala, nkumazizunguza pamalo amodzi zaka zosawerengeka kufikira thanthwe lidagonja. Naye Yobu, polira pa mutu 14 ndime 19, adaona kuti mwala sulimba pamaso pa madzi.

Akatswiri a makina adangofulumizitsa ntchito yomweyi. Masiku ano m'mafakitale muli makina opanikiza madzi mwamphamvu, kuwirikiza pafupifupi ka 2,000 kuposa mpweya wa m'tayala la galimoto. Madziwo amatulukira pa kabowo kosakwana milimita imodzi, pa liwiro la makilomita pafupifupi 3,000 pa ola. Paokha amadula zofewa monga mphira ndi mapepala. Koma cha m'ma 1980 Mohamed Hashish, katswiri wobadwira ku Egypt, akugwira ntchito ku America, adakonza njira yosakanizamo mchenga wolimba wa garnet. Kuyambira pamenepo madzi adayamba kudula chitsulo, galasi ndi miyala, popanda kuzitentha ngati mmene umachitira moto wowotcherera.

Tsono chinsinsi n'chimodzi, kumtsinje ndi kufakitale komwe: madzi amakuthwa ndi zimene asenza. Tikagwetsa mitengo m'mapiri a Dedza kuti tiwotche makala, mvula imakokolola nthaka, ndipo ndife amene timapatsa mitsinje mano. Ikafika kuchigwa, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, imagumula magombe, kukwirira minda ndi kufukula maziko a milatho. Akulu adati madzi saiwala khwawa.

M'mabanja mwathu zilinso chimodzimodzi. Mawu a tsiku ndi tsiku amaoneka ofewa, koma akasenza mnyozo amabowola ngakhale mtima wolimba. Akasenza chifundo amasalaza pamene padali pokhakhala. Abale ndi alongo, mvula isanagwe tidzifunse: kodi m'madzi athu tikuthiramo chiyani?