Adyo ndi isiti m'madeya: kodi chambo chikuladi?

Alimi anzanga, masiku ano kwabwera timapaketi ta ufa tomwe ogulitsa akuti mukasakaniza ndi chakudya cha nsomba, chambo chimakula msanga. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati n'zoona.

Ufawu uli mitundu iwiri. Wina ndi wa zomera monga adyo, jinja ndi masamba a chamwamba. Wina, womwe pa Chingerezi amati probiotics, uli ndi tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, abale ake a tija timasasitsa chambiko, kapena isiti wa mabanzi. Tikalowa m'matumbo a nsomba timathandiza kugaya chakudya ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Zinthuzi zidatchuka kwambiri mayiko a European Union ataletsa, mu 2006, kunenepetsa ziweto ndi mankhwala a antibayotiki.

Ine sindikutsutsa kuti zimathandiza. Koma zimathandiza nsomba yomwe ikudya kale mokwanira. Makumba ndi chambo zimafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni okwana 25 mpaka 30 pa 100 alionse, pomwe madeya omwe ambirife timadalira safika ndi theka lomwe. Tsono mlimi yemwe damu lake madzi ali mbee, lopanda manyowa, akawaza ufa wodula m'madeya okhaokha, tizilomboto tigaya chiyani? Ndalamayo bola agulire soya, akazinge, asinje, ndipo athire zitosi za nkhuku mpaka madzi abiriwire.

Chamwamba nachonso chili ndi malire. Chikapitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya, nsomba zimayamba kuchepetsa kudya ndipo zimapinimbira. Chilunguni ndicho chimakonda masamba, ngakhale a mbatata ndi chisoso chomwe timangozula m'munda.

Kumbukiraninso kuti tizilombo tija n'tamoyo. Paketi yomwe yakhala padzuwa pamsika mwezi wathunthu, kapena ufa wothiridwa m'soya wotentha, ambiri mwa ito amakhala atafa kale. Ndipo wina asakunamizeni kuti adyo amachiza matenda a zilonda aja adabuka ku Mchinji mu 2020. Mukaona nsomba za zilonda, kauzeni alangizi a zansomba msanga.

Amene muli ndi madamu awiri, yesani nokha. Ikani mbewu yofanana, chakudya chofanana, koma ufawo thirani m'damu limodzi lokha. Pakatha miyezi 6 kololani, muyeze pasikelo, muchotsere mtengo wa paketi ija.