Kumanga pafupi ndi kampu ya asilikali: zomwe timakhulupirira ndi zomwe zidachitika

Ambiri amati kukhala pakhomo pa asilikali ndiye kugona tulo tosadzidzimuka, poti akuba safikako. Za akuba mwina n'zoona. Koma makampu ena amasunga mabomba ndi zipolopolo, ndipo zida zikakalamba kapena zikasungidwa mosasamala zimaphulika popanda mdani wozikhudza.

Pa 27 Januwale 2002, moto udafika pa nkhokwe ya zida ya kampu ya Ikeja mumzinda wa Lagos ku Nigeria. Anthu oposa 1,000 adafa, ndipo ambiri sadaphedwe ndi mabombawo. Adathawa chikhamu, ana ali kumsana, n'kukagwera m'ngalande ya Oke-Afa yomwe madzi ake adali atakutidwa ndi zomera, n'kumira mopondana. Chidawamaliza n'chakuti nyumba zidathinana mozungulira kampuyo, ndipo anthu sadadziwe kothawira. Anansi athu a ku Mozambique adaziona pa 22 Malichi 2007, pamene nkhokwe ya Malhazine ku Maputo idaphulika n'kupha anthu pafupifupi 100. Ku Dar es Salaam zidachitika kawiri: ku Mbagala mu 2009 ndi ku Gongo la Mboto mu 2011.

Ena amati bola pali mpanda, za mkati n'za mkati. Ku Malhazine mizinga idauluka pamwamba pa mpanda n'kukagwera pamadenga a anthu kutali ndi kampu. Ngozi imathanso kuchokera kunja kulowa mkati. Ku Bata, m'dziko la Equatorial Guinea, komwe anthu oposa 100 adafa pa 7 Malichi 2021, boma lidati moto udayamba ndi alimi omwe ankatentha m'minda yoyandikana ndi kampu, ndipo lidadzudzulanso asilikali chifukwa chosunga zida mosasamala. Chimene chimapulumutsa anthu ndi mtunda wosiyidwa dala pakati pa nkhokwe ndi nyumba. N'chifukwa chake malangizo a bungwe la United Nations a kasungidwe ka zipolopolo, omwe adatuluka mu 2011, amafotokoza kawerengedwe ka mtunda umenewu potengera kuchuluka kwa zida zosungidwazo.

Chikhulupiriro chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti olakwa nthawi zonse ndi anthu wamba, ati amalowerera malo a asilikali. Makampu ambiri adamangidwadi kutchire, mzinda n'kuwapeza pambuyo. Koma mayi wogula puloti sadziwa chomwe chili kuseri kwa mpandawo. Amene amadziwa ndi asilikali, ndipo amene amavomereza mapulani a nyumba ndi khonsolo. Kwina kampu ndiyo idapeza anthu. Bwalo la ndege la asilikali a America la Futenma, ku Okinawa m'dziko la Japan, lidamangidwa mu 1945 pamalo pomwe padali midzi ndi minda, eni ake n'kudzamanga m'mbali mwake. Mu 2004 helikopita ya pabwalopo idagwera pa yunivesite yoyandikana nalo.

Nanga zoti nkhani za asilikali n'zachinsinsi, khonsolo isamazifunse? Palibe akufuna kudziwa mtundu wa mfuti zili m'nkhokwe. Chofunika ndi mzere pamapu wosonyeza pomwe sukulu, msika kapena tchalitchi sizingamangidwe. Ku America asilikali ndi makhonsolo amakhalira limodzi kujambula mapu otere, ndipo mzinda wa Virginia Beach udaletsa kumanga nyumba zatsopano m'malo angozi kwambiri pafupi ndi bwalo la ndege zankhondo la Oceana, utaopsezedwa mu 2005 kuti ndege zankhondo zisamutsidwa.

Kwathu kuno kampu ya Cobbe ili mu Zomba, ya Moyale mu Mzuzu, Kamuzu Barracks mu Lilongwe, ndipo mizinda yonseyi ikukulirakulira. Makhonsolo, mafumu ndi akuluakulu a asilikali akhale pansi ajambule malire nyumba zisanathinane. Nanunso musanapereke ndalama ya puloti yoyandikana ndi kampu, pitani kukhonsolo mukafunse ngati pamalopo m'pololedwa kumanga.